Kuyeza PI ndi kulimbitsa nthaka pomanga m'chipululu: kodi lipoti lolembedwa NP ndi lodalirika?

Wa ku Labotale, Abu Dhabi:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Tikuyeza dothi lochokera pamalo athyathyathya a m'mbali mwa nyanja, amene kuno amawatchula kuti sabkha, pomwe pakufunika kumangidwa nyumba zosungiramo katundu ndi msewu wa magalimoto olemera. Masampulo ambiri a pamwamba akutuluka NP, ndiko kuti non-plastic kapena dothi losaumbika, chifukwa dothilo silikulola kupotedwa n'kukhala kachingwe, koma a pansi pang'ono akupereka manambala osagwirizana: sampulo yomweyomweyo ikayezedwa lero ndi mawa, liquid limit ikusiyana kwambiri kuposa mmene tinazolowerera ndi dothi lofiira la kwathu. A kontilakita akunena kuti popeza dothi lapamwamba ndi NP ndipo likulimba moti galimoto ikudutsapo osasiya mapazi, palibe chifukwa chowonongera ndalama pa kulimbitsa nthaka. Mtima wanga sukuvomereza, koma ndikufuna zifukwa zoti ndingathe kuzilemba papepala.

Wophunzira za Uinjiniya, Blantyre:
Ndisanasochere m'zokambiranazi, ndikupempha kuti wina afotokoze bwino chimene PI, yomwe ndi plasticity index, imayeza kwenikweni. M'kalasi tinaloweza masamu ake, koma sindinamvetse chifukwa chimene nambala imodzi yotereyi imapatsidwira ulemu waukulu chonchi pa ntchito za misewu ndi maziko.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:
Mwafunsa bwino mwanawe, ndipo ndiyamba ndi inu chifukwa yankho la achimwene a ku Abu Dhabi latsamira pomwepo. Dongo limasintha khalidwe malinga ndi madzi amene lamwa. Likauma limalimba n'kumanyenyeka, likanyowa pang'ono limaumbika, ndipo likamwa kwambiri limasanduka thope loyenda lokha. Amayi oumba mbiya amadziwa malire amenewa ndi zala zawo, ndipo chimene Albert Atterberg wa ku Sweden anachita mu 1911 ndi kuwapatsa manambala. Iyeyo ankaganizira za ulimi, ndipo amene anabweretsa njirayi kwa mainjiniya ndi Arthur Casagrande, yemwe mu 1932 anakonza kachipangizo kamene tikukagwiritsabe ntchito.

Dothi loyezedwalo limayamba ladutsa pa sefa ya mamilimita 0.425. Poyeza liquid limit, mumalikanda ndi madzi, n'kulipaka m'kambale ka mkuwa, n'kulemba kangalande pakati ndi kachitsulo kake, kenaka mumazunguza chigwiriro kuti kambaleko kazigwa kuchoka pa mamilimita 10, kawiri pa sekondi iliyonse. Kuchuluka kwa madzi kumene kumachititsa kuti kangalandeko katsekeke pa utali wa mamilimita 13 kambale katagwa maulendo 25, ndiyo liquid limit. Poyeza plastic limit, mumapota kadothi pagalasi ndi zala mpaka kakhale kachingwe ka mamilimita 3, ndipo pamene kachingweko kayamba kuthyokathyoka pa kunenepa kumeneko, mumayeza madzi otsalamo. PI ndi kusiyana kwa manambala awiriwa. Mwachitsanzo, liquid limit ikakhala 45 ndipo plastic limit 22, PI ndi 23, ndipo pa tchati cha Casagrande dothi lotere limagwera pamwamba pa mzere wa A wolekanitsa dongo ndi fumbi, womwe pamenepo uli pa 18 ndi pang'ono, choncho timaliwerenga ngati dongo.

Nambalayi timailemekeza chifukwa ndi yotsika mtengo koma imanena zambiri: PI ikakwera, yembekezerani dothi lofufuma likanyowa, long'aluka likauma, ndiponso lofooka pansi pa matayala nthawi ya dzinja. Koma dziwani kuti njirayi inakonzedwera madothi amene m'kati mwake muli madzi wamba. Siinapangidwe ndi maganizo a dothi lodzaza mchere.

Mayi Injiniya wa Maziko, Dammam:
Achimwene a ku labotale, funso langa loyamba ndi lakuti uvuni wanu mukuutenthetsa kufika pati. M'madera ano a Gulf dothi lambiri lili ndi gypsum, mwala wofewa wa calcium sulphate, ndipo gypsum ali ndi madzi omangika m'kati mwa mwala wake, okwana pafupifupi 21 peresenti ya kulemera kwake. Madzi amenewo sali mbali ya chinyontho cha dothi, koma mukaumitsa pa madigiri 105 mpaka 110 monga mwa nthawi zonse, ambiri a iwo amatuluka, ndipo sikelo imawawerenga ngati chinyontho. Tiyerekeze kuti m'magalamu 100 a dothi louma muli magalamu 30 a gypsum: uvuni wotentha kwambiri ungathe kuchotsa magalamu ofika 5 kapena 6 amene sanayenere kuchoka. Ngati gypsum sanamwazike mofanana m'sampulo, ndipo kawirikawiri samwazika mofanana chifukwa amakhala m'timibulu, ndiye kuti kachitini kalikonse kakupatsani cholakwika chakechake. N'chifukwa chake, mwa mabuku a malamulo oyezera dothi, BS 1377 imati dothi la gypsum lisaumitsidwe kupitirira madigiri 80, ndipo ASTM D2216 imatchula madigiri 60. Limachedwa kuuma, nthawi zina masiku angapo, koma palibe njira yachidule.

Chachiwiri n'chaching'ono koma chimawononga ntchito zambiri. Ngati chipinda chanu chili chotentha kapena mpweya wa makina oziziritsa ukuwomba pa tebulo, dothi lokandalo limauma muli m'kati moliyeza. Tsekani tizitini nthawi yomweyo ndipo muyeze kulemera kwake musanachite china chilichonse.

Wa ku Labotale, Abu Dhabi:
Zikomo mayi. Mapepala a ntchitoyi analemba madigiri 105 pa masampulo onse osasiyanitsa, ndipo ndi zomwe takhala tikutsatira, ngakhale timibulu towala ta gypsum tikuoneka ndi maso m'masampulo ena. Ndilembera alangizi a ntchito kuti atilole kutsitsa. Pokanda dothi tikugwiritsa ntchito madzi a distilled monga mmene buku limanenera. Kodi pamenepanso pali vuto?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:
Vuto lilipo, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa la uvuni. Madzi a pansi pa sabkha ndi amchere kuposa a m'nyanja maulendo angapo. Mukathira madzi opanda mchere pa dothi lotere, mukusungunula zomwe zinali kugwirizanitsa timchenga, ndiponso mukusintha madzi ozungulira tizidutswa ta dongo. Dongo la mtundu wa montmorillonite limakoka madzi ochuluka likakhala m'madzi opanda mchere ndipo limakoka ochepa likakhala m'madzi amchere, choncho liquid limit imayenda malinga ndi kuchuluka kwa madzi amene wakuyezayo wathira ndi nthawi imene dothilo lagona lili lonyowa. Anthu awiri osamala mofanana angathe kupeza manambala osiyana popanda aliyense kulakwitsa. Ndiye pali chinanso: mukaumitsa sampulo, mchere umene unali wosungunuka m'madzi umatsalira m'kachitini n'kuwerengedwa ngati dothi louma, motero chinyontho chimaoneka chochepa kuposa chenicheni. Gypsum amakweza nambala, mchere umaitsitsa, ndipo mu sampulo imodzi zonse ziwiri zingachitikire pamodzi.

Malangizo anga ndi akuti muyeze kawiri. Ulendo woyamba gwiritsani ntchito madzi otungidwa m'dzenje lomwelo limene munatengamo sampulo, kuti muone dothi mmene lilili lero. Ulendo wachiwiri yambani mwalitsuka ndi madzi abwino mpaka mchere utachoka, kuti muone mmene lidzakhalire madzi a m'mapaipi akadzalifika. Lembani zonse ziwiri mu lipoti, pamodzi ndi kuchuluka kwa chloride, sulphate ndi carbonate. Kusiyana kwa zotsatira ziwirizo kumamuuza injiniya zambiri kuposa nambala iliyonse payokha. Pa hydrometer, poyeza kuchuluka kwa tizidutswa tating'onoting'ono ta dothi, samalaninso, chifukwa mchere umachititsa kuti tizidutswa ta dongo tigwirane n'kumira msanga, ndipo dongo limaoneka lochepa pamene lilipo lambiri.

Mmisiri wa Misewu, Gaborone:
Ine ndikufuna kulankhula za mawu a kontilakita akuti NP ndi dothi labwino. NP imangotanthauza kuti dothilo lilibe dongo lokwanira kuti liumbike. Sinena chilichonse za mmene timchengato tapanikizirana, kapena chimene chikutigwira. Kuno ku Botswana tili ndi mchenga wa Kalahari umene unaulutsidwa ndi mphepo n'kukhazikika motayana, ndipo timchenga take timagwirana ndi kadongo kochepa kwambiri kapena dzimbiri lachilengedwe pamalo pomwe tikukhudzana. Ukauma umalimba moti khoma la dzenje limaima chilili osagumuka. Koma muuikire katundu pamwamba kenaka muunyowetse, umatitimira nthawi imodzi. Mainjiniya a ku South Africa, Jennings ndi Knight, ndi amene anatipatsa njira yoyezera zimenezi mu oedometer, chipangizo chopanikizira dothi: mumapanikiza sampulo yosasokonezedwa mpaka 200 kPa ili ndi chinyontho chake chachilengedwe, n'kuthiramo madzi, n'kuona mmene yaphwera. Mchenga umenewo pa Atterberg umatuluka NP kapena PI yochepa kwambiri, ndipo lipoti lake limaoneka lokongola.

Chodabwitsa n'chakuti m'chipululu PI inganamizenso mbali inayo. Calcrete, mwala wa laimu umene timakumba kuno popangira misewu chifukwa miyala ina ili kutali, nthawi zambiri imakhala ndi PI yopitirira malire olembedwa m'mabuku ochokera ku Ulaya, koma misewu yomangidwa nayo yakhala ikugwira ntchito bwino m'madera ouma, ndipo kafukufuku wa Frank Netterberg ndi anzake anathandiza kuti malirewo afewetsedwe pa calcrete. Ku Namibia, msewu wa m'mbali mwa nyanja wochoka ku Swakopmund kupita ku Henties Bay unadziwika kwa zaka zambiri ngati msewu wamchere, wopangidwa ndi dothi la gypsum lothiridwa madzi amchere n'kutsenderedwa, ndipo unkasalala moti mlendo ankauyesa wa phula. Unkatheka chifukwa mvula kumeneko ndi yosowa, ndipo chifunga chikachuluka unkaterera. Mchere ungathe kukhala womangira, koma pokhapokha madzi abwino asaufike.

Woyang'anira Saiti, Sharjah:
Ndakumvani nonse ndipo sindikutsutsa sayansi yanu, koma wina ayenera kulankhulako za mbali ya kontilakita. Dera limene tikunenali limalandira mvula yochepa kwambiri pachaka, ndipo pamwamba pa malowo padzakhala konkire ndi phula. Kuyeza kawiri, kuumitsa pang'onopang'ono, kudikira oedometer, zonsezi ndi masabata, pamene makina obwereka akulipiridwa tsiku ndi tsiku ali chiimire. Kontilakita anapikisana pa mtengo poganizira lipoti loyamba la nthaka, ndipo ngati lipotilo silinatchule za kulimbitsa, ndalama zake azichotsa kuti? Nthawi zina ife a labotale ndi a maofesi timafuna chitetezo chopitirira muyeso chifukwa si ife tikulipira.

Mayi Injiniya wa Maziko, Dammam:
Bambo, nkhawa yanu ya ndalama ndi yomveka, ndipo ngati lipoti loyamba linabisa vutoli, kontilakita ali ndi ufulu wopempha kuti mwini ntchito awonjezere malipiro. Imeneyo ndi nkhani ya kontirakiti. Koma pa mfundo yakuti kulibe madzi, pamenepo ndikukana. Madzi amene amawononga maziko m'chipululu sachokera kumwamba kawirikawiri, amabwera ndi anthu. Nyumba ikangomangidwa pamabwera paipi ya madzi akumwa, paipi ya zonyansa, thanki ya madzi ozimitsira moto, madzi odontha kuchokera m'makina oziziritsa, ndi kapinga wothiriridwa m'mawa uliwonse. Onsewa ndi madzi opanda mchere, ndipo ndi omwe amasungunula mchere ndi gypsum mwachangu. Mizinda monga Riyadh, Kuwait ndi Doha yakhala ikulimbana ndi kukwera kwa madzi a pansi chifukwa cha mapaipi odontha ndi kuthirira, mpaka zipinda za pansi pa nyumba kumalowa madzi m'dziko lopanda mitsinje. Konkire ndi phula zimene mukuzidalirazo zimatsekanso njira imene chinyontho chinkathawira kupita mumlengalenga, choncho pansi pake pamayamba kunyowa pang'onopang'ono.

Ndipo mvulayo ikabwera imabwera yonse pamodzi. Inuyo munalipo pa 16 April 2024 pamene dziko la UAE linalandira mvula yochuluka kuposa ina iliyonse chiyambire kulemba za nyengo mu 1949, malo ena a kufupi ndi Al Ain kupitirira mamilimita 250 pasanathe tsiku limodzi, ndipo madzi anaima pabwalo la ndege la Dubai. Malo athyathyathya ngati sabkha ndi kumene madzi otere amakathera.

Amene akukayika mphamvu ya madzi pa gypsum aone damu la Mosul ku Iraq, pa mtsinje wa Tigris, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1980 pamwamba pa miyala ya gypsum ndi anhydrite. Chimalizireni, ogwira ntchito akhala akupopera simenti yamadzi pansi pake kuti atseke mphako zimene madzi akusungunula, ndipo mu 2016 boma linachita kuitana kampani ya ku Italy kudzalimbitsa mazikowo. Nyumba yosungiramo katundu si damu, koma mwala wosungunukawo ndi womwewo.

Wophunzira za Uinjiniya, Blantyre:
Ndaphunzira zambiri kale. Funso langa ndi ili: kuno kwathu msewu ukadutsa m'makande, monga m'chigwa cha Shire kapena m'madambo, tinaphunzitsidwa kuti mwina dothilo lichotsedwe kapena lisakanizidwe ndi laimu kuti PI itsike. Kodi sizingatheke kungothira laimu kapena simenti pa dothi la m'chipululu limene lili ndi dongo, n'kutsendera?

Mmisiri wa Misewu, Gaborone:
Pa dongo lopanda sulphate, zimene munaphunzirazo n'zoona. Laimu amachititsa kuti tizidutswa ta dongo tigwirane, plastic limit imakwera, PI imatsika m'maola ochepa, ndipo pakapita masabata dothilo limayamba kulimba. Dongo lakuda lofufuma limapezekanso m'mayiko ouma, monga ku Gezira m'dziko la Sudan, pakati pa Blue Nile ndi White Nile, ndipo laimu amathandiza kumeneko. Koma dongo likakhala ndi gypsum, laimu amasanduka mdani. Laimu amakweza pH kupitirira 12, zimenezo zimamasula alumina wa m'dongo, ndipo alumina akakumana ndi calcium, sulphate ndi madzi amapanga mwala wotchedwa ettringite, umene umamwa madzi ochuluka n'kufufuma. Msewu umatukumuka m'malo m'malo, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mbali yothiridwa laimuyo ndi imene imawonongeka kuposa yosathiridwa. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi msewu wa Stewart Avenue mumzinda wa Las Vegas, m'chipululu cha Mojave ku America, umene unatukumuka motere patangopita zaka zochepa. Ku Texas, komwe anavutika nazonso, amati sulphate wosungunuka akakhala pansi pa 3,000 ppm palibe nkhawa yaikulu, koma akapitirira 8,000 ppm laimu asagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi. Pakati pa manambalawa amasakaniza laimu, n'kuthira madzi okwanira, n'kusiya dothi ligone masiku angapo lisanatsenderedwe, kuti kufufumako kuchitike lili lotayana.

Simenti wamba ali ndi vuto lofananalo. Ndipo pa mchenga wa m'milu ya m'chipululu, umene timchenga take ndi tofanana kukula ndiponso tobulungira, simenti amafunika wochuluka kuti adzaze mipata, mtengo n'kukwera. Choncho musanasankhe mankhwala aliwonse, yezani sulphate, ndipo pangani sampulo yosakaniza, muiviike m'madzi kwa masabata, muone ngati ikufufuma. Masiku 4 amene timaviika sampulo poyeza CBR, muyeso wa mphamvu ya dothi la msewu, ndi ochepa kuti ettringite aonekere.

Mayi Injiniya wa Maziko, Dammam:
Ndicho chifukwa chake m'dera lino njira zambiri zolimbitsira nthaka ndi za makina, osati za mankhwala, ndipo apa ndi pamene sefa ndi PI zimagwira ntchito yake yeniyeni, yothandiza kusankha makina oyenera.

Mchenga ukakhala woyera, wokhala ndi fumbi lodutsa sefa ya mamilimita 0.075 losapitirira 10 kapena 15 peresenti, vibro compaction imagwira bwino. Chitsulo chachitali chonjenjemera chimalowetsedwa pansi mothandizidwa ndi madzi, ndipo pochikweza pang'onopang'ono timchenga timakhazikika mothithikana, pamwamba n'kuoneka dzenje lozungulira limene amalidzaza ndi mchenga wina. Njirayi inayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1930, ndipo ndi imene inagwiritsidwa ntchito pa Palm Jumeirah ku Dubai, chilumba chomangidwa ndi mchenga wokumbidwa pansi pa nyanja kuyambira mu 2001. Koma fumbi likachuluka, makamaka likakhala ndi PI ngakhale yochepa, kunjenjemerako sikufika patali chifukwa madzi sathawa msanga pakati pa timchenga, ndipo mumangowononga dizilo. Pamenepo chitsulo chomwecho chimagwiritsidwa ntchito kupanga mizati ya miyala yophwanya, imene imanyamula katundu ndiponso kupereka njira yotulukira madzi.

Pa malo aakulu opanda nyumba pafupi pali dynamic compaction, imene Louis Ménard wa ku France anaikhazikitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kireni imakweza chitsulo cha matani 10 mpaka 30 n'kuchigwetsa kuchokera pa mamita 10 mpaka 25, mobwerezabwereza, pa malo olembedwa mizere. Kuya kumene mphamvuyo imafika timakuyerekeza potenga square root ya kulemera kuchulukitsa ndi kutalika, n'kutengapo pafupifupi theka: matani 20 ogwa kuchoka pa mamita 20 amapereka 400, square root yake ndi 20, ndipo theka lake ndi mamita 10. Pa mchenga wotitimira umene a ku Gaborone anena, njirayi imathyola timagwirano tofooka tija nyumba isanamangidwe. Koma pa sabkha yathope, yokhala ndi madzi pafupi, chitsulocho chimangomira. Ndiye amayamba ayala mchenga ndi miyala kuti kireni ipeze poima, kenaka amagwetsa chitsulo n'kumadzaza dzenjelo ndi miyala kapena mchenga wokhakhala, n'kugwetsanso, mpaka papangike mzati waukulu wolowa m'thopemo. Imeneyi ndi dynamic replacement, ndipo inagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi dynamic compaction pokonza malo a yunivesite ya KAUST ku Thuwal, kumpoto kwa Jeddah, yomwe inatsegulidwa mu 2009. Pamalo amodzi omwewo dothi linkasintha pa mtunda waufupi, ndipo kalowedwe ka chitsulo pogwa kankasonyeza pomwe pali mchenga ndi pomwe pali sabkha.

Thope likakhala lakuya ndipo nthawi ilipo, mungathe kuunjika mulu wa dothi wolemera kuposa nyumba yodzamangidwayo, mutalowetsa timizere ta pulasitiki totulutsa madzi, n'kudikira miyezi kuti nthaka ititimire iyo isanamangidwe. Pa msewu wokha, nthawi zambiri zimakwanira kuyala nsalu yolimba ya geotextile ndi ukonde wa pulasitiki wa geogrid pamwamba pa sabkha osaswa chikhokho chake, n'kukweza msewu ndi dothi labwino.

Woyang'anira Saiti, Sharjah:
Mayi, pa za madzi obwera ndi anthu mwandigonjetsa, koma ndiwonjezere zimene timakumana nazo pa saiti, chifukwa njira zimenezi sizophweka monga zimamvekera. Dynamic compaction imagwedeza nthaka moti simungaichite pafupi ndi paipi ya mafuta kapena khoma la eni ake, ndipo m'madera a mafakitale malo opanda zimenezi ndi osowa. Chachiwiri, mchenga wokumbidwa m'nyanja kuno ndi wa zigoba za nkhono, ndipo umaphwanyika nsonga ya CPT, chitsulo chokankhidwira pansi poyeza kulimba kwa nthaka, ikamalowa, choncho nambala imatuluka yotsika ngakhale mchenga watsenderedwa mokwanira. Ndinaonapo kontilakita akubwezedwa kukabwereza ntchito yabwinobwino chifukwa alangizi ankagwiritsa ntchito matchati opangidwira mchenga wa silica popanda kukonza manambala. Chachitatu, nuclear gauge, makina oyezera chinyontho ndi kutsenderedwa kwa dothi pa saiti, imawerenga hydrogen poyeza madzi, ndiye pa dothi la gypsum imaona madzi ochuluka kuposa alipo, dry density n'kuoneka yotsika. Pa dothi lotere ine ndimakhulupirira sand replacement ndi plate load test, ngakhale zimachedwa.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:
Mfundo zitatuzo n'zolondola. Ndibwerere pang'ono ku labotale, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene sitinachikhudze. Pa dothi la fumbi lambiri ndi dongo lochepa, kambale ka Casagrande kamavuta: dothi limatsetsereka pa mkuwa m'malo moyenda, kangalande kamang'ambika pokalemba, ndipo woyeza wotopa amangolemba NP kuti athane nazo. Fall cone imachepetsa vutoli. Kachitsulo kosongoka ka magalamu 80 ndi ngodya ya madigiri 30 kamasiyidwa kuti kalowe m'dothi kwa masekondi 5, ndipo chinyontho chimene chimakalola kulowa mamilimita 20 ndiyo liquid limit. Dzanja la munthu silisokoneza kwambiri. Onjezeraninso linear shrinkage, yoyeza mmene dothi limafupikira likauma, yomwe imangofuna kachikombole ka mamilimita 140, chifukwa pa madothi a PI yochepa imabwerezeka bwino kuposa kupota kachingwe. Ndikadakhala ine, NP iliyonse yochokera pa sabkha ndikadaitsimikiza ndi njira ziwirizi ndisanasaine.

Mmisiri wa Misewu, Gaborone:
Aphunzitsi, pa linear shrinkage ndikugwirizana nanu kwathunthu, ndipo pa calcrete ambiri a ife timaidalira kuposa PI. Koma pa fall cone pakhale chenjezo. Pa madothi a liquid limit yotsika, cone imakonda kupereka nambala yokwererapo kuposa kambale, choncho dothi limene likadadutsa malire a PI 6 pa kambale lingathe kukanidwa pa cone. Malire olembedwa mu kontirakiti anakhazikitsidwa poganizira njira imodzi, ndipo labotale isasinthe njira popanda kugwirizana ndi alangizi, apo ayi mkangano wake sudzatha.

Wa ku Labotale, Abu Dhabi:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsala ndi funso limodzi limene a kontilakita afunsa m'mawa uno. Madzi abwino kuno ndi osefedwa kuchokera m'nyanja ndipo amagulidwa pa thanki, ndiye akufuna kugwiritsa ntchito madzi a m'nyanja kapena a m'maenje a pa saiti potsendera dothi. Kodi zimenezi n'zololedwa?

Mayi Injiniya wa Maziko, Dammam:
Zimatengera kuti ndi gawo liti. M'zigawo za pansi za dothi lodzazira, kutali ndi konkire ndi zitsulo, madzi a m'nyanja amaloledwa pa ntchito zambiri, bola Proctor, muyeso wa mmene dothi limatsenderekera, ndi CBR ziyezedwe ndi madzi omwewo. Madzi a m'maenje a sabkha ine sindingawalole konse, chifukwa mchere wake ndi wochuluka moti ukauma umasiya dothi looneka lolimba mwachinyengo. M'gawo la miyala lokhala pansi pa phula, gwiritsani ntchito madzi abwino. Dzuwa limakokera mchere pamwamba, umaundana pansi pa prime, phula lamadzimadzi loyambirira kuthira, ndipo phula lopyapyala limatuluka matuza n'kusendeka. A ku Gaborone angachitire umboni, chifukwa kwawoko zachitikapo pafupi ndi zigwa za mchere. Musasiye nthawi yaitali pakati pa kutsendera, kuthira prime ndi kuyala phula, ndipo pakati pa sabkha ndi msewu pakhale gawo la miyala yokhakhala kapena nsalu yotchinga kuti madzi amchere asakwere okha.

Pafupi ndi maziko a konkire lamulo ndi lolimba kwambiri. Sulphate amadya konkire ndipo chloride amachititsa dzimbiri pa zitsulo, ndipo simenti yolimbana ndi sulphate payokha simanga chloride bwino, n'chifukwa chake kuno timasakaniza simenti ndi slag, fly ash kapena microsilica, n'kukulitsa konkire yophimba zitsulo, n'kukuta maziko onse ndi nsalu ya phula. Pa Burj Khalifa, yomwe yakhala pa konkire yochindikala mamita 3.7 ndi mizati ya pansi yoposa 190, anawonjezeranso chitetezo cha magetsi pa zitsulo chifukwa cha madzi a pansi omwewa. Dothi lobwezera m'mbali mwa maziko anu liyezedwe chloride ndi sulphate lisanatsitsidwe m'galimoto, ndipo madzi olinyowetsera achokere pa thanki ya madzi abwino.